Katamarani ya injini pa nyanja yathu: mafunso amene mumandifunsa ku Senga Bay

Ntchito yanga ndi yokhoma ndi kukonza maboti kuno ku Senga Bay. Chiyambireni kukamba za maboti a matupi awiri, mafunso amene ndimalandira ndi omwewomwewo, kaya wofunsayo ndi msodzi wa ku Lifuwu, mwini malo ogona alendo, wamalonda wopita ku chilumba cha Mbenji, kapena mnyamata wophunzira zowotcherera ku Salima Technical College. Ndawasonkhanitsa pano kuti amene sangafike pa gombe pathu awerenge ali kwawo.

Kodi katamarani n'chiyani, akulu?

Ndi boti la mapasa. Pali matupi awiri aatali ndi oonda, oyenda moyandikana, ndipo pamwamba pake pamayalidwa nsanja imodzi yowagwirizanitsa. Anthu ndi katundu amakhala pansanjapo, madzi n'kumadutsa mumpata wa pakati. Dzinali linachokera ku chinenero cha Tamil cha kumwera kwa India, kumene kattumaram ndi mitengo yomangidwa pamodzi. Nzeruyo ndi yakale. Chatsopano ndi injini, zipangizo zokhomera, ndi kompyuta yoyesera boti lisanakhudze madzi. Amene munapitako ku Zanzibar kuchokera ku Dar es Salaam pa sitima zothamanga zija za Kilimanjaro, munakwera katamarani ya aluminiyamu yokhomedwa ku Australia.

Bwanji osangokhoma boti limodzi lalikulu monga timachitira kale?

Boti limodzi limakukakamizani kusankha. Mukalikhoma lotambalala, silipendama msanga koma limakankha madzi ambiri ndipo limamwa petulo. Mukalikhoma loonda, limathamanga koma munthu mmodzi akangoima m'mbali, onse mtima uli m'mwamba. Aliyense amene anapalasapo bwato amadziwa zimenezi.

Katamarani imatenga zabwino zonse ziwiri. Thupi lililonse limakhala loonda ngati mcheni, utali wake kuposa m'lifupi mwake ka 10 kapena ka 12, motero limang'amba madzi osautsa funde lalikulu kutsogolo. Kukhazikika kumachokera pa kutalikirana kwa matupiwo, monga munthu woima atatangadza miyendo. Boti wamba lolemera la mamita 10 likafika pa liwiro la makilomita 14 pa ola limayamba kukwera funde lake lomwe. Mukawonjezera moto, mphuno imangodzuka, kumbuyo n'kumira, petulo n'kumatha. Thupi loonda limadutsa malire amenewo mosavutikira kwenikweni. Phindu lonse la katamarani lagona pamenepa, ndipo limakhalapo pokhapokha botilo likhale lopepuka.

Nanga mwera? Ingalimbe pa Juni kapena Julaye?

Ili ndi funso limene ndimafuna aliyense ayambe nalo. Nyanja yathu ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo mwera umawomba motsata utali umenewo kuchokera kumwera chakum'mawa, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Ife a ku Salima ndi Nkhotakota tili kugombe la kumadzulo, kumene mafunde amadzathera. Mafunde ake si aatali ofatsa ngati a m'nyanja ya mchere. Ndi afupiafupi, oima njo, obwera motsatizana osakupatsa mpata wopuma.

Pa mafunde otere katamarani siigwedera uku ndi uku ngati boti limodzi, ndipo okwera sasanza kwambiri. Vuto lake lili pansi pa nsanja. Ngati nsanjayo yatsika, funde lolowa mumpata wa pakati limaimenya kuchokera pansi, phuu, ngati nyundo. Woyendetsa amakakamizika kuchepetsa moto, ndipo pakapita miyezi ming'alu imayamba kuoneka pamene nsanja yakumana ndi matupi. Okonza mapulani ambiri amasiya mpata wa pakati pa madzi ndi nsanja wokwana 5 kapena 6 pa 100 alionse a utali wa boti. Pa boti la mamita 10, amenewo ndi masentimita 50 mpaka 60, boti litasenza kale katundu wake yense. Ine pa nyanja ino sinditsika pa 60. Ndimafunanso kuti nsanja iyambire chakumbuyo pang'ono, mphuno ziwirizo zitsogole zokha, ndipo pansi pa nsanja kutsogolo pakhale popindika, osati pa thyathyathya.

Koma musakweze zonse mpaka kumwamba poganiza kuti mwathana nazo. Mukamanga nyumba yaitali pansanjapo, mphepo imaigwira ngati thanga, ndipo kulemera kumakwera m'mwamba. Nyanja ino inatiphunzitsa kale: pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto, kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anatsikira kuli chete. Sinali katamarani, koma madzi sasankha mtundu wa chombo. Pali masiku a mwera amene boti la mamita 10, la thupi limodzi kaya awiri, liyenera kugona pamchenga.

Ndingasenze matumba angati a chimanga?

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi makasitomala ambiri. Munthu akaona nsanja yaikulu ngati bwalo, maso amamuuza kuti adzaze. Koma chonyamula katundu si nsanja, ndi matupi awiri oonda aja.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Thupi la mamita 10 m'litali ndi masentimita 90 m'lifupi, losongoka kutsogolo, limaphimba madzi okwana pafupifupi masikweya mita 6.3. Awiri ndi 12.6. Ndiye kuti makilogalamu 126 alionse amene mwakweza amamiza boti ndi sentimita imodzi. Matumba 25 a makilogalamu 50 ndi masentimita 10. Mukapitirira muyeso wa pamapulani ndi matumba 50, mwadya masentimita 20 pa mpata uja wa 60, ndipo nsanja yayamba kunyambita mafunde. Matupi nawo amira mpaka kufika potambalala, kuthamanga kwatha, petulo akupita ngati boti wamba, mwinanso kuposa.

Choopsa n'chakuti katamarani siichenjeza. Boti la matabwa likalemedwa limapendama, amayi amayamba kukuwa, woyendetsa amatsitsa ena. Katamarani yolemedwa imakhalabe chilili, aliyense n'kumaona ngati zonse zili bwino, mpaka funde loyamba la pakati pa nyanja. Ngati ntchito yanu ndi yonyamula simenti, chimanga ndi nkhuni, ndikuuzani mosabisa: khomani boti limodzi lotambalala. Katamarani ndi ya anthu, alendo, odwala, nsomba za mu ayezi, ndi katundu amene mtengo wake uli pa kufika msanga.

Kompyuta ikulowa pati pa ntchito ya manja ngati iyi?

Amisiri amene anatiphunzitsa ankakhoma ndi diso ndi chingwe, ndipo maboti awo akuyendabe. Sindiwanyoza. Koma pa katamarani diso lokha silikwana, chifukwa matupi awiri ayenera kufanana ndendende, ndipo kulemera kuyenera kudziwika thabwa loyamba lisanadulidwe.

Boti limayamba kujambulidwa pa mapulogalamu monga Rhino, Maxsurf kapena DELFTship, imene ili ndi mtundu wake waulere woti mnyamata wa laputopu atha kuphunzirirapo. Pulogalamuyo imakuuzani kuti boti lidzamira mpaka pati, pakatikati pa kulemera padzakhala pati, ndipo lidzapendama bwanji anthu onse akathamangira mbali imodzi kukaona mvuu. Pali mapulogalamu ena, a CFD, amene amayendetsa botilo m'madzi a pakompyuta. Amenewa amathandiza pa chinthu chovuta kuchiona ndi maso: thupi lililonse limautsa funde lake, ndipo mafunde awiriwo amakumana mumpata wa pakati. Matupi akayandikana kwambiri, mafundewo amaunjikana n'kumakoka boti m'mbuyo. Akatalikirana kwambiri, nsanja imafuna mphamvu zambiri ndipo imalemera. Kusuntha thupi ndi masentimita 20 pakompyuta n'kwaulere. Kulisuntha mutakhoma kale ndi kugwetsa boti.

Kenako pamabwera makina odula a CNC, oyendetsedwa ndi kompyuta. Mafayilo amatumizidwa kwa amene ali ndi makinawo, zidutswa za aluminiyamu kapena pulayiwudi n'kubwera zodulidwa kale, chilichonse ndi nambala yake. Ife timaimika nthiti pa tebulo lowongoka n'kumalumikiza. Thupi lamanja ndi lamanzere amatuluka mapasa enieni.

Chida chimene ndimachilemekeza koposa zonsezi ndi chosaoneka bwino: mndandanda wa kulemera. Chilichonse cholowa m'boti, kaya ndi batire, nangula, mpando kapena chitini cha penti, chimayesedwa pasikelo n'kulembedwa, pamodzi ndi malo amene chikakhale. Boti lina limene ndinathandiza kukonza linakhomedwa bwinobwino, koma mwini wake anawonjezera denga la zitsulo ndi mabenchi a mlombwa popanda wowerengera. Linatsika kumbuyo mpaka injini zinkamwa madzi. Tinachotsa mabenchiwo, boti linadzuka.

Ndingangogula mapulani pa intaneti?

Mungathe, ndipo n'kwabwino kuposa kujambula zapamtima. Koma uzani wojambulayo zinthu zitatu. Choyamba, madzi athu ndi opanda mchere: kiyubiki mita imodzi imalemera makilogalamu 1,000 pamene ya m'nyanja ya mchere ndi 1,025, motero boti lomwelo limamira pang'ono kuposa pachithunzi. Chachiwiri, muuzeni za mafunde a mwera. Chachitatu, muuzeni kuti kuno boti limakocheza pamchenga, osati padoko la simenti, choncho pansi pa matupi pafunika chikopa chokhuthala. Makatamarani okongola a Leopard amene kampani ya Robertson and Caine imapanga ku Cape Town anapangidwira anthu okasangalala kuzilumba. Boti lonyamula amayi oyembekezera kuchoka kugombe lakutali kupita kuchipatala limafuna maganizo ena.

Matabwa, fayiba kapena aluminiyamu?

Matabwa a mlombwa kapena mbawa okhomedwa ndi misomali, monga timachitira maboti a chilimira, ndi olemera kwambiri pa katamarani, ndipo mfundo zake sizipirira kupotokola kwa matupi awiri. Mitengoyonso ikusowa.

Pulayiwudi ya m'madzi yokutidwa ndi epokisi (guluu wolimba wosalowa madzi) ndi nsalu ya fayiba ndiyo njira imene mmisiri wa kuno angayambire. Zidutswa zimasokedwa ndi waya, mfundo n'kumatidwa ndi epokisi, waya n'kuchotsedwa. Funani pulayiwudi ya muyeso wa BS 1088. Ya mu hadiweya yopangira siling'i imafufuma nyengo imodzi ya mvula isanathe.

Fayiba imafuna chikombole, ndipo chikombole chimadya ndalama. Phindu lake limaoneka mukapanga maboti angapo ofanana. Ubwino wa katamarani ndi wakuti chikombole chimodzi chimatulutsa matupi onse awiri. Njira yamakono ndi yoika thovu lolimba la PVC pakati pa zikopa ziwiri za fayiba, kuphimba zonse ndi pulasitiki, kupopa mpweya wonse, n'kulola utomoni womatira fayiba ulowe wokha mokokedwa. Boti limatuluka lopepuka kuposa lopaka ndi burashi, chifukwa utomoni wosafunika sutsalira. Koma kutentha kwa ku Salima pa Okutobala kumaumitsa utomoni usanafike kumapeto, ndiye ntchito yotere timaiyamba m'bandakucha. Utomoninso umawonongeka ukakhalitsa m'mgolo, choncho onani tsiku limene unapangidwa. Ndipo anyamata anga, valani zotseka kumphuno. Fungo lija limapweteka mapapo.

Aluminiyamu ndiye ndimaikonda pa boti la ntchito. Imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo, siichita dzimbiri lofiira, ndipo ikagunda mwala wa ku chilumba cha Namalenje imangobonyoka m'malo mosweka. Iyenera kukhala ya mtundu wa 5083, osati ya mafelemu a mawindo. Imawotchereredwa ndi makina a MIG ndi mpweya wa argon, pamalo opanda mphepo, ndi munthu amene anaphunzira aluminiyamu payokha. Luso la mageti ndi mabagala silikwana. Mdani wa aluminiyamu ndi kopa. Waya wa kopa wogwera pansi m'madzi a m'boti, bawuti ya buronzi, kapena penti yokhala ndi kopa, zimaidya mpaka kuboola. M'madzi opanda mchere timamangirira tizidutswa ta magnesium kuti tidyeke m'malo mwa boti.

Ndili ndi maboti awiri a fayiba. Ndingawalumikize ndi mapaipi?

Powolotsa anthu pa Chia tsiku la bata, zitheka. Pa nyanja, ayi, bambo. Funde likadutsa mopingasa limakweza mphuno ya thupi limodzi ndi kumbuyo kwa linzake, nsanja n'kumapotokoledwa ngati chovala chofinyidwa. Mphamvu imeneyo imathera pa mabawuti anu, ndipo chikopa cha boti wamba sichinapangidwire zimenezo. Mu katamarani yeniyeni mitanda ya nsanja imalowa mpaka m'zipupa za mkati mwa thupi, n'kukhala chinthu chimodzi. Komanso maboti anuwo ndi otambalala, ndiye mudzakhala mukukankha mafunde a maboti awiri.

Injini imodzi pakati siingakwane?

Pa katamarani yaing'ono yoyenda pang'onopang'ono imakwana. Ikamathamanga, madzi a mumpata wa pakati amasakanikirana ndi mpweya, pulopela n'kumazungulira m'thovu osagwira kanthu. Injini ziwiri, imodzi kumbuyo kwa thupi lililonse, ndiye dongosolo lake. Imodzi kutsogolo, ina m'mbuyo, boti limatembenuka pamalo amodzi. Ndipo imodzi ikazima muli pakati pa Mbenji ndi kumtunda, inayo imakufikitsani, bola iliyonse ikhale ndi thanki yake ndi batire lake, kuti petulo wamadzi asaphe zonse ziwiri.

Ma Yamaha Enduro amene tinawazolowera ali ndi ubwino woti makaniko aliyense wa pagombe amawadziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka. Ya 40 HP ikatsegulidwa moto wonse imatha kumwa malita pafupifupi 20 pa ola. Za four-stroke zimamwa pang'ono koma n'zolemera, ndipo kulemerako kumakhala kumapeto kwenikweni kwa thupi loonda, choncho wojambula adziwiretu injini imene mudzaike.

Za sola ndi mabatire n'zoona kapena ndi nkhani chabe?

N'zoona, ndipo palibe boti loyenera sola kuposa katamarani, chifukwa denga ndi lalikulu ndipo matupi safuna mphamvu zambiri. Ku Kerala, m'dziko la India, boti la sola lotchedwa Aditya lakhala likuwolotsa anthu kuyambira 2017. Ndi katamarani ya mamita 20 yonyamula anthu 75. Dzuwa la kuno si lokayikitsa: aliyense amaona minda ya mapanelo ya ku Nanjoka, ya mamegawati 60.

Koma tiwerengerenso. Denga la masikweya mita 20 limalandira mapanelo 10 a mawati 400, amene ndi makilowati 4 dzuwa lili paliwombo. Amenewo amayendetsa boti lopepuka pa liwiro lofatsa, lokwanira kuzungulira zilumba za Maleri ndi alendo, mwakachetechete, nkhwazi osathawa. Mukafuna kuwirikiza liwiro kawiri, mphamvu yofunika imakwera pafupifupi ka 8. Ndipo ntchito imene thanki ya malita 25 a petulo imagwira ingafune mabatire a lithium olemera pafupifupi theka la tani. Pa ulendo waufupi wobwerezabwereza, sola ndi yabwino zedi. Pa ulendo wothamangira wodwala usiku, molimbana ndi mwera, ikani injini za petulo.

Ndinamva za maboti okhala ndi phiko pansi. N'chiyani chimenecho?

Ndi phiko lachitsulo lomangidwa mopingasa pakati pa matupi awiri, pansi pa madzi. Boti likathamanga, phikolo limanyamula gawo la kulemera, matupi n'kudzuka pang'ono, kukoka kwa madzi n'kuchepa. Njirayi, yotchedwa Hysucat, anaiyambitsa Pulofesa Hoppe wa pa yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa. Imathandiza pa liwiro lalikulu lokha. Kuno ndimaiopa chifukwa cha matchera osayikidwa zizindikiro, namasupuni, ndi zitsa zimene mitsinje ya Linthipe ndi Bua imatsitsa nthawi ya dzinja.

Ingagwire ntchito ya chilimira?

Pokoka khoka, boti lathu lakale likadali patsogolo. Katamarani ndi yaitali kuchoka pamadzi, alovi amavutika kukweza usipa, ndipo khoka limatha kulowa mumpata n'kukodwa pa mapulopela awiri. Kumene imapambana ndi kutenga nsomba kwa asodzi pakati pa nyanja, kuziika m'mabokosi a ayezi pansanja, n'kufika nazo kumtunda zisanafewe. Ndi yabwinonso kwa oweta chambo m'makola a m'madzi, amene amafuna poima pokhazikika.

Ikabowoka kapena kugubuduzika?

Thupi lililonse ligawidwe ndi zipupa zosalowa madzi, zipinda zosachepera zitatu kapena zinayi, ndipo cha kumphuno chidzazidwe thovu losamwa madzi. Chipinda chimodzi chikabowoka, zinazo zimagwira boti. Chipinda chilichonse chikhale ndi pokapira madzi pake, chifukwa madzi a m'thupi lotsekedwa saoneka. Woyendetsa azitsegula ndi kusuzumira m'mawa uliwonse.

Kugubuduza katamarani n'kovuta, koma ikagubuduzika siibwerera. Imakhala chadodolido. N'chifukwa chake ndimaika zingwe zogwirira pansi pa nsanja, ndipo majekete opulumutsa moyo amakhala pathupi pa anthu, osati m'bokosi lokhoma.

Mtengo wake ndi wotani, ndipo lidzafika bwanji kunyanja?

Imadula kuposa boti limodzi la utali womwewo: matupi awiri, injini ziwiri, ziwongolero ziwiri, ndiponso nsanja. Aluminiyamu, utomoni, nsalu ya fayiba ndi injini zonse ndi zoitanitsa kunja, zolipira ndi ndalama zakunja, motero mtengo umayenda ndi dola. Wokhoma akupatseni mtengo wogawidwa mzere ndi mzere, ndipo alembe kulemera kumene boti lidzakhale nalo likatha. Pamzere umenewo ndi pamene mudzamugwire.

Katamarani ya mamita 10 imatambalala mamita 4 kapena kuposa, ndipo pa msewu wa M14 kuchoka ku Lilongwe kapena wa M5 wa m'mbali mwa nyanja imeneyo ndi katundu wofuna chilolezo chapadera. Nzeru yake ndi yakale: Ilala inakhomedwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951. Bweretsani zidutswa, khomerani pafupi ndi madzi. Koma shedi yanu isakhale pamphepete penipeni. Tonse tinaona mmene nyanja inakwerera mu 2024 n'kulowa m'nyumba za m'gombe.

Boma likufuna chiyani?

Boti lonyamula anthu kapena lochita malonda limalembetsedwa ndi kuyenderedwa ndi a Dipatimenti ya Marine, motsata lamulo la Inland Waters Shipping Act, ndipo iwo ndi amene amanena chiwerengero cha okwera. Pitani nawo mapulani musanagule chitsulo, kuti ngati pali chosintha chisinthidwe papepala. Woyendetsa akhale ndi chiphaso. Sukulu ya Marine Training College ili ku Monkey Bay.

Tsiku loyamba kulowa m'madzi tiyang'ane chiyani?

Sankhani m'mawa wa bata. Boti likayandama lopanda kanthu, yezani ndi tepi kuchokera pamadzi kufika pansi pa nsanja, kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, n'kuyerekeza ndi manambala a pamapulani. Kenako kwezani matumba a mchenga olemera ngati anthu amene mukufuna kudzanyamula, muyezenso. Sunthirani matumba onse mbali imodzi muone mmene lapendamira. Yendani ndi injini imodzi, kenako inayo, foni ya GPS ili m'manja, mukulemba liwiro ndi malita. Mukabwerako tsegulani chipinda chilichonse mupisemo dzanja. Pomaliza tengani penti yofiira mulembe mzere pa matupi onse awiri, kunja ndi mkati mwa mpata, pamene madzi anafika boti litasenza katundu wololedwa, wokhuthala moti munthu woima pamchenga athe kuuona boti lisananyamuke.